Tsiku Limene Kompyuta Yanga Inakana Apongozi Anga

Abale ndi alongo amene mumanditsatira pano, landirani moni m'dzina la Ambuye Yesu, inu a ku Katete kwathu kuno, a ku Sinda, a ku Vubwi, ndi inu a kutsidya kwa malire amene mumangowerenga osalemba kanthu, nanunso ndakupatsani moni. Ambiri munandifunsa chifukwa chimene ndinazimirira chaka chatha mvula itayandikira. Lero ndinene poyera. Ndinaimitsidwa ntchito, ndipo kwa masiku khumi dzina langa linali wakuba. Chimene chinandigwetsa ndi mzere umodzi umene ndinalemba ndi zala zangazi pa kompyuta. Amene Mulungu anatuma kudzandidzutsa ndi munthu amene mwambo wathu sundilola ngakhale kumuyang'ana kumaso.

Ine ndine Lazalo, koma kumudzi amanditchula kuti bambo a Tiyamike. Ndine mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, ndiye kuti ndinasiya kwathu n'kudzakhala kwa mkazi wanga Esinati. Amayi ake, apongozi anga aNambewe, ndi mayi wamasiye, wamfupi, woyenda mofulumira ngati waiwala kanthu pamoto. Zaka zinayi ndinakhala pabwalo lawo osalankhulana nawo maso ndi maso. Tikakumana m'njira ine ndinkapatukira kutchire, iwo n'kuyang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Esinati mokweza mawu, ine ndili kuseri kwa nyumba ndikumva zonse, kenako Esinati n'kubwera kudzandibwerezera zimene ndamva kale. Inu a m'tauni mumaseka, koma ndiwo ulemu wake umenewo.

Pabwalo pathu pali nyumba zitatu za ana aakazi a aNambewe, iliyonse ndi khomo lake ndi mafuwa ake, koma nkhokwe inali imodzi. Kuyambira pamene bambo a Esinati anamwalira, aNambewe anagamula kuti tonse tizilima munda umodzi waukulu ndi kutapa m'nkhokwe imodzi. Zinkandiwawa mumtima, ndisaname, munthu wa ndevu zake kudya za m'nkhokwe ya apongozi. Koma mkamwini asamakule mwendo, ndiye ndinkangomeza mate.

Ntchito yanga ili ku kabungwe kakang'ono ka alimi ku Katete. Chaka chimenecho tinali ndi mbewu ya nsawa, zimene ena mumati mtedza, yoti tigawe m'midzi sikisi, kuchokera ku Sinda mpaka ku Vubwi. Mudzi uliwonse unali ndi alimi fote, ndipo mlimi aliyense anali ndi khadi lokhala ndi nambala, kuyambira wani mpaka fote. Ine ndinali nditaphunzira kulemba mapulogalamu m'chinenero cha Python, poyamba pa foni, kenako pa laputopu ya ku ofesi, ndipo mutu unali utakula. Ndinauza abwana athu, mayi Zulu, kuti mapepala ndi achikale, amanyowa, amadyedwa ndi chiswe, ndiwapangira pulogalamu. Iwo anati tisungebe mapepala pambali. Ine ndinayankha kuti kompyuta sinama. Mawu amenewo ndinawanena katatu konse, pamaso pa anthu, mpaka mapepala tinawasiya.

Pulogalamu yake inali yophweka. Mudzi uliwonse unayenera kukhala ndi mndandanda wake wa mipata fote, mpata uliwonse uli ndi ziro. Mlimi akalandira thumba, ziro wa pa nambala yake asanduke wani. Mindandanda sikisi imeneyo inayenera kukhala m'kati mwa mndandanda umodzi waukulu. Pofuna kufupikitsa, komanso pofuna kuoneka katswiri, ndinalemba motere:

midzi = [[0] * 40] * 6

M'maso mwanga mzerewu unkanena kuti panga mndandanda wa mipata fote, ndipo upange yotere sikisi. Ndinayesa ndi mudzi woyamba wokha, ndinaona kuti zikuyenda, ndinatseka laputopu ndikuimba likhweru.

Tsiku loyamba tinapita kumudzi wa ku Sinda. Tinapeza kuti kwagwa maliro, ndiye anabwera anthu naini okha, ena onse ali kusiwa. Tinawapatsa matumba awo, ndinawadinda mu kompyuta, tinabwerako. Tsiku lachiwiri linali la mudzi wathu. Ndinavala malaya oyera ositidwa ndi Esinati, ndinakhala patebulo pansi pa mtengo wa mango kusukulu, anthu a m'mudzi wa mkazi wanga onse akundiona mkamwini wawo ali pa laputopu. Ambiri analandira bwinobwino. Koma apa ndi apo ndikalemba nambala, kompyuta inkaonetsa kuti munthuyo walandira kale. Ndinkamubweza. Mayi wina analumbira kuti sanalandire, ine ndinamuuza kuti mwina mwana wake anadzatenga. Bambo wina anakalipa, ine ndinati kompyuta sinama.

Kenako patebulo panagwa khadi nambala seveni. Sindinafunike kukweza maso, chitenje chake ndinachidziwa. Ndinalemba seveni, ndipo kompyuta inati alandira kale. Abale, ine ndimagona pabwalo lomwelo, ndikanaliona thumba likulowa. Ndinalembanso, yankho lomwelo. Popeza sindingalankhule nawo, ndinatembenukira kwa tcheyamani wa komiti ya m'mudzimo n'kunena chapansipansi kuti awauze mayiwa kuti alandira kale. ANambewe anatola khadi lawo, analimanga pamfundo ya chitenje, n'kuchoka ndi kayendedwe kawo kofulumira kaja. Anthu naini tsiku limenelo anabwerera chimanjamanja, ndipo bwalo lonse linali ng'ung'udzo.

Madzulo dzuwa lisanalowe, mayi Zulu anatsegula laputopu ku ofesi kuti aone za madandaulowo. Anapeza kuti midzi yonse sikisi yalandira, alimi onse, mpaka ku Vubwi kumene lole yathu inali isanapondeko. Matumba anali mbwee m'sitolo, koma kompyuta ikuti apita. Muwamvetse mayiwa, si oipa mtima. Chaka cha m'mbuyo mwake kalaliki wina analemba anthu kuti alandira, matumba otsalawo n'kukawagulitsa kumalire. Ndiye anaona kuti ine ndikukonza njira yomweyo, kungoti yanga ndi yamakono. Pulogalamu ndinalemba ndine, ndinkaigwira ndine ndekha, ndipo ndine ndinalengeza kuti sinama. Anandilanda laputopu ndi makiyi, anaimitsa kugawa konse, anati ndikhale kunyumba mpaka komiti yaikulu ikhale pansi.

Nkhani yoipa ili ndi miyendo. Ndisanafike ndi njinga kumudzi, mbiri inali itafika kale yakuti mkamwini wa kwa aNambewe waba mbewu ya midzi sikisi, mpaka kubera apongozi ake enieni. Esinati akapita kumjigo, amayi a m'mudzi ankasiya kulankhula. Mwana wathu Tiyamike anabwera kuchokera kosewera n'kundifunsa kuti kodi matumba ndinawabisa kuti. Mvula yoyamba inagwa tsiku lachitatu, nthaka inanunkhira, ndipo anthu a midzi ina anali kudikira mbewu ili yotsekeredwa chifukwa cha ine. Tsiku lachisanu ndinaona atsibweni a Esinati, alongo awo a aNambewe, atafika n'kukhala pakhonde la apongozi nthawi yaitali. Mkamwini aliyense amadziwa tanthauzo la ulendo wotere. Atsibweni akanena kuti munthuyu watichititsa manyazi, umanyamula bulangeti lako n'kubwerera kwanu, mkazi ndi mwana n'kutsala. Ntchito inandiwawa, koma chimene chinandithetsa nzeru n'chimenecho. Ndinkamuyang'ana Esinati akupeta, n'kumaganiza kuti kodi ndidzamuona bwanji ngati mlendo.

Pulogalamuyo ndinali nayo pa foni. Ndinaiwerenga kambirimbiri mpaka maso kuwawa, osapeza cholakwa. Masana ndinkathawira kudimba, n'kugwada pakati pa mizere ya repu. Ndikuuzeni pemphero langa mmene linalili, chifukwa umboni wobisa zina si umboni. Ndinkapemphera kuti Mulungu aulule mdani amene anagwira laputopu yanga. Ndinali nditasankha kale mayina awiri a anzanga a ku ofesi, ndikungodikira kuti Mulungu asainire. Masiku anapita, kumwamba kuli zii. Tsiku lina nditatopa ndinangoti, Ambuye, inu mukudziwa kuti sindine wakuba, ndionetseni tsono chimene ndili. Ndinalira ngati mwana, misozi ili chuchuchu, mbuzi za eni zikundiyang'ana pampanda.

M'mawa mwake aNambewe anauza Esinati kuti akupita ku Sinda kukapepesa maliro aja, popeza womwalirayo anali wachibale wa msuweni wawo. Ine ndinaganiza kuti akuthawa manyazi. Anakwera minibasi pamsewu waukulu, anagonako masiku awiri. Atabwera sanalowe ngakhale m'nyumba. Anazungulira mudzi wonse, khomo ndi khomo la anthu amene ndinawabweza aja. Chakumasana ndinamva akhala pansi kuseri kwa nyumba yathu, n'kuitana Esinati ndi mawu awo okweza aja.

"Kawauze bambo a Tiyamike kuti wakuba sasankha manambala."

Esinati anabwera ndi kachidutswa ka katoni ya sopo. Apongozi anga sadziwa kulemba mawu, koma manambala amawadziwa kuposa ine, zaka zonsezi akugulitsa nsawa pamsika wa Katete. Pakatonipo panali mizere iwiri. Mzere woyamba unali manambala a anthu naini amene analandira ku Sinda. Mzere wachiwiri unali manambala a anthu naini amene ndinawabweza kwathu. Anali manambala omwewo, osasiyana ngakhale imodzi. Esinati anandifotokozera kuti amayi ake atafika ku Sinda anapempha kuona khadi la msuweni wawo amene analandira thumba, n'kupeza kuti nalonso ndi seveni. Pamenepo ndiye anayamba kufunsa ena onse, akunamizira kucheza. Ulendo wa kumaliro unali woona, koma chimene anapitira chenicheni chinali ine.

Ndinatsegula foni n'kupanga kapulogalamu kakang'ono, midzi itatu, alimi atatu, ndi kalembedwe komwe kaja. Ndinasintha ziro mmodzi m'mudzi woyamba. Nditayang'ana, wasintha m'midzi yonse itatu. Mzere wanga uja sunapange mindandanda sikisi ayi. Unapanga mndandanda umodzi wokha, n'kuuloza kasanu ndi kamodzi. Mudzi wa ku Sinda, mudzi wathu, mudzi wa ku Vubwi, yonse inali ndi mayina osiyana koma ikulemba pamalo amodzi. Pamene ndinadinda seveni wa ku Sinda, ndinadinda seveni wa paliponse, kuphatikizapo apongozi anga. Panalibe mdani. Anzanga awiri aja ndinawanamizira pamaso pa Mulungu, ndipo wolakwa anali yemwe ankapempherayo.

Ndinafotokozera Esinati, ndikukweza mawu pang'ono kuti adutse khoma. Ndinafotokoza mokhotakhota, ndi mawu a m'kompyuta, mpaka Esinati anakwinya nkhope. Kuseri kuja kunamveka kuseka.

"Iwe Esinati, nanga chovuta n'chiyani pamenepa? Ndi pabwalo pano. Nyumba zitatu, nkhokwe imodzi. Ukatapa iwe, yachepa kwa onse."

Abale, maphunziro onse amene ndinawerenga pa foni sanandiuze momveka chotero.

Kukonza kwake sikunatenge ngakhale mphindi zisanu. M'malo mochulukitsa mndandanda umodzi ndi sikisi, ndinalemba lupu, ndiye kuti lamulo lobwerezabwereza, yozungulira kasanu ndi kamodzi, ulendo uliwonse ikupanga mndandanda watsopano wa mipata fote. Mudzi uliwonse nkhokwe yake. Ndinasintha ziro mmodzi, ndinayang'ana, wasintha pamalo amodzi basi. Ndinayesanso, ndinayesanso, ngati munthu wokayika loko wa pakhomo. Inu achinyamata amene mukuphunzira zimenezi, mverani mbale wanu amene anapsa. Mukamaika mndandanda m'kati mwa unzake, musachulukitse wopangidwa kale, pangani watsopano nthawi iliyonse. Ndamva kuti zinenero zina nazonso zili ndi msampha womwewu. Ndipo mukamayesa, musamayang'ane pamene mwasintha pokha, yang'ananinso kwa oyandikana nawo.

Tsiku la komiti tinapita atatu ku Katete. Mu minibasi aNambewe anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni, Esinati pakati ngati mpanda. Ine sindinawapemphe kuti abwere, anangovala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kutsogola. Ku ofesi ndinapempha mayi Zulu kuti agwire laputopu okha, ine ndisaikhudze. Ndinawauza kuti ayambe pulogalamu yakale mwatsopano, adinde mlimi mmodzi wa ku Sinda, kenako atsegule Vubwi. Anachita. Anavula magalasi, anawapukuta, anachitanso ndi nambala ina. Kenako aNambewe anayala katoni yawo ya sopo patebulo, n'kufotokoza za ulendo wawo, ndi za nkhokwe imodzi ija, akuyang'ana mayi Zulu, ine atandifulatira monga mwa mwambo. Anamaliza ndi kunena kuti mkamwini wawoyu ali ndi matama, zimenezo sakana, koma zaka zinayi wakhala pafupi ndi nkhokwe yawo ndipo sanasowepo ngakhale chisononkho. Ndinaweramitsa mutu. Sindinkadziwa kuti zaka zonsezo ankandiona.

Komiti inandibwezera ntchito tsiku lomwelo. Mayi Zulu anandipepesa chifukwa cha dzina la wakuba, ndipo ine ndinawapepesa chifukwa cha mawu aja akuti kompyuta sinama. Anzanga awiri aja ndinawapepesanso, anadabwa kuti ndikupepesa chiyani, ndinawauza zonse, anandiseka mpaka kugwira m'mimba. Lero timasunga mapepala pambali, ndipo amene amawanyamula ndine. Lole inanyamuka m'mawa mwake, ndipo m'masiku ochepa midzi yonse inalandira, mpaka ku Vubwi, nthaka ikadali yonyowa. Kwathu ndinayamba ndi anthu naini aja, ndikupepesa mmodzimmodzi pamaso pa onse. Mayi amene ndinamunamizira mwana uja anandilalatira kaye bwinobwino, kenako anandigwira chanza. Thumba la nambala seveni ndinalinyamula ndekha paphewa mpaka pakhonde, n'kulitula mwakachetechete eni ake ali kuseri. Atsibweni sanabwerenso ndi nkhani ija.

Nsawa zinabereka. Titatha kukumba ndi kuthothola, masana ena ndili pakhonde ndikukonza tcheni cha njinga, ndinamva mapazi ofulumira aja akubwera, ndipo sanakhotere kuseri. Ndinadzuka kuti ndithawe monga mwa nthawi zonse.

"Bambo a Tiyamike, khalani pansi. Ndikulankhula ndi inu, osati Esinati."

Ndinakhala, mafuta ali m'manja, maso ali pansi. Anaima patsogolo panga n'kuloza ndi ndodo malo ena pafupi ndi khomo lathu, pamene anali atasesa kale n'kujambula bwalo pansi. Anati munda waukulu uja augawa patatu, ndipo mkamwini aliyense amange nkhokwe yake. Ndinakweza maso kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi, n'kupeza kuti apongozi anga ali ndi kampata pakati pa mano, ngati Tiyamike.

"Mudzi uliwonse munaupatsa yake," anatero. "Nanga inu?"

Ndiye abale, ndithokoza Mulungu amene sanayankhe pemphero langa loyamba, chifukwa akanaliyankha ndikanapweteka anthu osalakwa. Ndithokoza Esinati, amene m'masiku khumi amenewo sanandifunse ngakhale kamodzi ngati ndinabadi. Ndithokoza aNambewe, amene ndinawachititsa manyazi pagulu, iwo n'kukwera minibasi kukandifunira dzina langa. Ngati lero mwapatsidwa dzina losakhala lanu, ngati mwagwada mpaka maondo kutupa kumwamba kuli zii, musaleke. Mwina yankho lanyamuka kale, lili pa minibasi, ndipo ndi munthu amene mumamupatukira m'njira. Koma polipempha, konzekani kumva kuti penapake munalemba molakwa ndinu.

Nkhokwe ndinamanga ndi manja angawa. Ndi yopendekera pang'ono, ndipo apongozi anga amandiseka nayo tsiku lililonse, pamaso panga, osadzeranso kwa Esinati. Mulungu alemekezeke.